Operekeza Osabwerera

Kalekale, nyama zisanatseke pakamwa, kuseri kwa phiri kudali nkhalango yotchedwa Siyamkondo. Ngati tili tonse khalani phee, chifukwa ine sindibwereza mawu. Iwenso wa kumbuyoko, nzimbeyo utafune mwaulemu.

Nyama zidatopa ndi kuphedwa, anthu nawo adatopa ndi kudyeredwa minda. Tsono adapangana. Nyama zidatenga nkhalango yonseyo, anthu n'kuizinga ndi mpanda wa nkhadze, n'kusiya chipata chimodzi. Mkondo sunkalowa, nkhwangwa sinkalowa, galu sankalowa. Koma mlendo wongofuna kucheza ankaloledwa. M'mbali mwa dziwe nyama zidamanga timisasa ta alendo, ta udzu ndi mitengo yogwa yokha. Mlendo ankabwera ndi kamchere ndi mbande ya mtengo yoti adzale, n'kugona m'kamsasa, nyama n'kumafika pakhonde penipeni. Munthu ankatha kusisita mphuno ya mbawala ndi dzanja lake lomweli.

Nyama zidaika lamulo lawo: cha m'nkhalango chitsale m'nkhalango, ngakhale nthenga yothothoka yokha. Anthu nawo adaika lawo: Fisi, mlonda wa pachipata, azinunkhiza akuluakulu ndi katundu wawo potuluka, koma mwana asamuyandikire. Fisi mukumudziwa. Anthuwo sadalakwe.

Wolandira alendo adali Njiri. Ulemu wa Njiri sungaupeze ngakhale kwa mtengwa watsopano. Polonjera ankagwada, potsanzika ankagwada, mpaka maondo ake adachita zikang'a. Ndipo mlendo akamapita, nyama zinkamuperekeza monga tichitira ife, mpaka mlendoyo atanena yekha kuti, “Zikomo, bwererani pompa.” Akatero, operekeza ankatembenuka.

Tsono kumudzi wina kudali mwamuna dzina lake Chagunda. Sadali wosowa ayi. Nkhokwe yake inkafika dzinja isanaoneke pansi, mbuzi adali nazo, mkazi wake Nachanza adali wolimbika, ndipo adali ndi kamwana kamodzi kakakazi, Sigele, kongoyamba kumene kulongolola. Koma mnansi wake adali ndi ng'ombe. Basitu, tulo tidamuthera Chagunda. Adamanga khola lalikulu asanapeze ndi thole lomwe, n'kumaliyang'ana lili mbee.

Sing'anga wina wongodutsa adamuuza kuti kholalo lidzadzaza akakwirira pakhomo pake zizimba zitatu: munga wa Nungu, limodzi la mamba a Ngaka, ndi tsitsi la kumchira wa Njovu. Zonsezo zizulidwe pa nyama yamoyo. Nanga nyama yamoyo yoima phee kuti munthu aigwire ipezeka kuti? Ku Siyamkondo.

Chagunda adauza mkazi wake kuti akonzeke, akaonetse mwana nyama. Nachanza adakondwa kwambiri, mayi wosauka, chifukwa chikwatirane mwamunayo sadapite naye kwina kulikonse kupatula kumaliro. Adachapa nsalu yake yabwino, n'kumanga mchere, n'kuzula kambande ka mbawa, ulendo.

Atafika, Fisi adawauza asiye ndodo pachipata. Njiri adagwada, n'kuwalonjera, n'kuwatsogolera ku kamsasa kawo. Malo adali okongola, sindinama, koma padali bata lina lolemera. Kumudzi nyama ikaona munthu imathawa. Za kumeneko zinkaima n'kumamuyang'ana m'maso, osaphethira. Sigele yekha ndiye ankaseka n'kumaomba m'manja.

M'mawa, nkhungu isanachoke padziwe, padabwera Nungu, minga ili tswatswatswa. Adalola Sigele kumugwira kamphuno. Chagunda adati Nungu akuoneka kuti msana ukumuyabwa, amukande. Adakanda, adakanda, kenaka thothu! munga uli m'manja, n'kuubisa m'malaya.

Nungu sadalire. Adatembenuka pang'onopang'ono, n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

“Mwandikanda bwino, bambo,” adatero, n'kumapita.

Dzuwa litakwera, Njiri adawatengera kuchulu kumene Ngaka ankadyako chiswe. Ngaka ndi wamanyazi. Adalonjera ndi mawu apansipansi, n'kudzipinda ngati nkhata kuti mwana aone mmene amachitira. Nachanza adatembenuka kutsata Sigele amene ankathamangitsa gulugufe. Chagunda adalowetsa chikhadabo pansi pa mamba, n'kukanula limodzi. Kadontho ka magazi kadagwera pafumbi, iye n'kupondapo.

Ngaka adadzitambasula, n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

“Dzanja lanu ndi lolemera, bambo,” adatero, n'kulowa m'dzenje lake.

Masana adapita kudziwe kumene Njovu ankamwa madzi. Njovu adanyamula Sigele ndi chitamba, n'kumukweza kuti athyole chipatso cha m'mwamba, n'kumutsitsa bwinobwino. Nachanza misozi idalengeza ndi chimwemwe. Nthawi yomweyo Chagunda adazembera kumbuyo, n'kukulunga tsitsi limodzi la kumchira pachala, n'kukoka.

Njovu sadatembenuke n'komwe.

“Ntchentche za chaka chino zili ndi zala,” adatero, n'kupitiriza kumwa.

Mukudabwa kuti sadamudzudzule bwanji? Kumeneko mlendo sankachititsidwa manyazi ali pakhomo. Chagunda adayesa kuti ndi kupusa kwa nyama, n'kumaseka chamumtima.

Tsopano vuto lidali mphuno ya Fisi. Apa ndi pamene ndimapsa mtima nthawi zonse ndikamasimba nthanoyi. M'mawa wa ulendo, Nachanza atapita kukasamba, Chagunda adaitana mwana wake. Adakulunga zinthu zitatu zija m'kansanza, n'kuzimangirira pa mkuzi wa m'chiuno mwa Sigele, pansi pa kadiresi, n'kumuuza kuti ndi kamphatso kachinsinsi, asauze amake. Mwana wake womubala yekha, kumusandutsa thumba!

Pachipata Fisi adanunkhiza mtolo, adanunkhiza Nachanza kumapazi, adanunkhiza Chagunda mpaka m'khwapa. Sadapeze kanthu. Kenaka adaima patali, mphuno italoza kumsana kwa Nachanza kumene Sigele adaberekedwa. Adaseka kaseko kake kaja, koma motsitsa.

“Khoswe akakhala pamkhate sapheka,” adatero. “Pitani bwino.”

Nachanza adayesa kuti ndi macheza a Fisi. Njiri adagwada, n'kunena kuti alendo abwino otere sangapite okha. Adadzuka n'kuwatsatira, ndipo pambuyo pake padabwera Nungu, Ngaka ndi Njovu.

Adayenda, adayenda, mpaka pakamtsinje pamene operekeza onse ankabwererapo. Nachanza adaima, n'kuomba m'manja mwaulemu.

“Zikomo kwambiri, mwatisunga. Bwererani pompa.”

Njiri adagwada pamchenga.

“Tikadabwerera, mayi, koma ena a ife akadali patsogolo.”

Nachanza adayang'ana kutsogolo, njira ili yokhayokha. Adayang'ana kumbuyo, onse anayi ali pomwepo. Adafuna kufunsa, koma mwamuna wake adamukankha kuti awoloke, nyama zisamutayitse nthawi. Ali pakati pa madzi, Sigele adanong'ona kuti m'chiuno mukumuyabwa. Kumbuyo kwawo nyama zidayamba kuimba, osakweza mawu:

Perekeza, perekeza mlendo,
Chathu chili kutsogolo.
Perekeza, perekeza mlendo,
Sitibwerera operewera.

Adayenda, adayenda. Dzuwa lidafika pamutu. Mbalame zidaleka kulira, ngakhale nyenje zidakhala chete. Njovu yathunthu ikuyenda pamasamba ouma, koma osamveka ndi tswa yemwe. Chagunda akafulumira, nyama zinkafulumira. Akaima, zinkaima. Mtunda wa pakati pawo sunkatalika, sunkafupika.

Pamphambano Chagunda adatembenuka, thukuta lili kamukamu, n'kuzikalipira kuti kodi ndi zogontha, zauzidwa kale kuti zibwerere. Njiri adagwada pafumbi, n'kuyankha mawu omwe aja, kuti ena a iwo akadali patsogolo.

Pamenepo Nachanza adamva chinthu chikumubaya kumsana, kupyola nsalu. Adayesa chisoso. Adafuna kumasula mwana kuti aone, koma Chagunda adati akaonera kunyumba, ayende. Ndipo Sigele, ndi kamawu kosasa kosakhala kake, adati:

“Amayi, pansi apa pali chiswe. Ndikuchimva fungo. Nditsitseni ndidye.”

Nachanza adamangitsa nsalu n'kuyamba kuyenda ngati akuthamanga, nyimbo ija ikumutsata.

Perekeza, perekeza mlendo,
Chathu chili kutsogolo.

Atafika pamkuyu wa kumapeto kwa mudzi, madenga akuoneka, Nachanza sadathenso kuponya phazi. Mwana adalemera ngati mtondo wonyowa, ndipo adaleka kuyankha. Mwamuna adati kwatsala pang'ono chabe, alimbe mtima. Ulendo uno Nachanza sadamumvere. Adakhala pansi n'kumasula nsalu.

Anzanga, zimene adaona musazione. Sigele adali atadzipinda ngati nkhata, mutu uli pakati pa maondo. M'chiuno monse mudali mutamera mamba, kumsana kukutuluka timinga tanthete, khungu la m'miyendo likuchita imvi ndi ming'alu. Maso okha ndiwo adali a mwana wake, ndipo ankamuyang'ana ndi mantha. Pa mkuzi padali kansanza. Nachanza adakamasula n'kupeza munga, bamba ndi tsitsi, zonse zitamera mizu m'thupi la mwanayo.

Sadafunse kuti wamanga ndani. Mfundo ya mwamuna wake ankaidziwa, ndi yomwe ankamangira mbuzi.

Adakwawa ndi maondo mpaka pamapazi a Njovu, n'kupempha kuti atenge zawozo, amusiyire mwana wake. Adati sadadziwe, adalumbira pali amake kumanda. Njovu adati akudziwa kuti sadadziwe, n'chifukwa chake sadamupondereze. Koma chozulidwa pa chamoyo sichibwerera pamene chidachoka. Chimafuna thupi loti chimerepo, ndipo thupi limenelo limakhala la ku Siyamkondo, chifukwa cha m'nkhalango chimatsala m'nkhalango.

“Tibwerera ndi mmodzi,” adatero Njovu. “Amene zameramo, kapena amene adazizula.”

Onse adayang'ana Chagunda. Iye adayamba ndi kukana, ati adangotola pansi. Nungu adatembenuza msana n'kumuonetsa bala. Chagunda adati ndi sing'anga adamunamiza. Ngaka adamuonetsa pamene padali pakuchuchabe magazi. Atasowa pothawira, adasendera kwa mkazi wake n'kuyankhula motsitsa, poyesa kuti nyama sizikumva.

“Mayi a Sigele, taganizani bwino. Kumeneko mwana akasungidwa bwino, mwaona nokha. Ndi wamng'ono, sadzakumbuka. Tizikamuona. Ife tikadali ndi mphamvu, tidzabereka wina.”

Nachanza sadalire, sadatukwane. Mtima wake udazizira, ndipo chikondi chonse chimene adali nacho pa mwamunayo chidathera pamkuyu pomwepo. Adabwerera kwa mwana, n'kugwira zinthu zija pamodzi, n'kuzizula ndi mphamvu. Sigele adakuwa, magazi adatuluka. Nachanza adatembenuka n'kutambasula dzanja monga munthu wopereka mphatso.

“Landirani katundu wanu, bambo.”

Tsono dzanja la Chagunda chibadwire lidali lisanakanepo kanthu. Mutu usanaganize, zala zidali zitafumbata kale.

Adafuna kutaya, sizidatayike. Tsitsi la Njovu lidayanga m'mkono, n'kufalikira thupi lonse kukhala ubweya wa imvi, n'kutulukira kumbuyo ngati mchira wothyoka. Munga udalowa m'kamwa n'kusanduka mano aatali. Bamba lidatsetsereka n'kukakhazikika kumatako, louma gwa. Msana udapindika, manja adagunda pansi. Adafuna kuitana mkazi wake, koma chimene chidatuluka ndi “Hoo! Hoo!” Nthawi imeneyo kudalibe nyani padziko. Woyamba adali ameneyo.

Mamba adayoyoka m'chiuno mwa Sigele, minga idagwa, mwana adatambasuka n'kulirira amake ndi mawu ake enieni. Chidatsala ndi chipsera chozungulira chiuno, pamene padali mkuzi.

Njiri adagwada, n'kunena kuti tsopano akwanira, akhoza kubwerera. Koma poti Njiri ndi wachifundo, adasiya kakhomo kotsegula. Adati Nyani adzakhala woperekeza alendo. Tsiku limene mlendo adzamulole kuperekeza mpaka pakhomo la nyumba, osamubweza panjira, ubweya udzayoyoka, adzakhalanso munthu. Atatero, nyama zidatembenuka, Nyani ali pakati, akucheukacheuka.

Mukuti zidali zapafupi? Nyani adaperekeza alendo, adaperekeza, adaperekeza. Koma anthu a kale adali oleredwa. Ndani akadalola womuperekeza kuvutika mpaka kumudzi? Aliyense akafika pakamtsinje ankaomba m'manja n'kunena kuti zikomo, abwerere pomwepo. Nyani ankagwira nsalu zawo, ankayang'ana m'maso mwawo, iwo n'kumaseka kuti nyama iyi ndi yokonda anthu. Miyendo yake inkatembenuka yokha.

Mvula idagwa, idaleka, idagwanso, zaka n'kumapita. Sigele adakula mpaka kuyamba kusenza mtsuko. Za tsiku lija sankakumbuka, adangouzidwa kuti atate ake adatsalira kuulendo. Koma alongo ake a Chagunda sadamupatse mtendere Nachanza. Ankabwera m'mawa, ankabwera madzulo, ati munthu salangidwa mpaka kale, ati akamutenge mbale wawo, iye yekha ndiye akudziwa njira yake. Nachanza adatopa nazo. Ndiponso, tinene zoona, masiku ena ankamukumbuka mwamunayo mmene adalili asanaone ng'ombe za eni. Adamanga mchere, adazula mbande, n'kutenga mwana wake.

Ku Siyamkondo mbawa imene adadzala idali itapitirira denga la kamsasa. Njiri adagwada, Nungu adabwera, Ngaka adabwera, Njovu adasisita mutu wa Sigele ndi chitamba. Palibe adatchula zakale. Nyani adakhala pamwala patali, osadya, osamwa, maso ali pa iwo.

Potuluka, woperekeza adali iyeyo.

Adafika pakamtsinje. Nyani adaima, kudikira mawu aja. Nachanza adakweza nsalu n'kuwoloka, osanena kanthu. Nyani adawoloka.

Adafika pamphambano. Sigele adakoka amake n'kuwanong'oneza kuti aiwala mwambo, woperekeza watopa. Nachanza adati ayende. Nyani adathyola masuku m'mbali mwa njira n'kuwaika pamapazi a mtsikanayo, chinthu choyamba chimene dzanja limenelo lidaperekapo. Sigele adathokoza n'kudya.

Adafika pamkuyu. Nyumba idaoneka, chitseko chili chotsegula, khola lija litagwa mbali imodzi, maungu atayanga pamwamba. Ubweya wa m'manja mwa Nyani udayamba kuthothoka. Adadzuka n'kuima ndi miyendo iwiri. Padatsala bwalo lokha kuti adutse.

Pamenepo Sigele adaima, n'kulowetsa dzanja m'chiuno, n'kuyamba kukanda.

“Amayi, chipsera chija chikuyabwa. Kodi mudati ndidapsa ndi chiyani?”

Nachanza adayang'ana chiuno cha mwana wake. Adayang'ana pansi pa mkuyu, pamene adakwawa ndi maondo. Mawu aja adamubwerera onse, akuti tidzabereka wina. Adatembenuka, n'kugwada pang'ono monga mkazi woleredwa, n'kuomba m'manja.

“Mwatiperekeza mokwanira. Bwererani pompa, bambo a Sigele.”

Manja a Nyani adagundanso pansi. Miyendo idatembenuka yokha. Nachanza adagwira mwana wake padzanja, n'kulowa m'nyumba, n'kutseka chitseko.

Mpaka lero, mukapita kumalo osungira nyama, mudzamupeza Nyani atakhala pafupi ndi chipata. Amatsata alendo pang'ono, n'kuima, n'kumayang'ana galimoto ikupita. Dzanja lakenso silidasinthe, mukasiya nthochi pakhonde mudzandiuza.

Phunziro lake silofuna kufukula. Ukacheza kwa eni, maso adye, manja akhale pamiyendo. Ndipo munthu wobisa kuipa kwake pathupi la mwana asadabwe akadzabwezedwa khomo akuliona.

Yanga yathera pamkuyu pomwepo. Amene unakwirira mbatata paphulusa kaphule, mphuno yanga ikuti yayamba kupserera.